BWINJA LA MSINJA: MMENE TINGAPHUNZITSIRE MBIRI YA MALO OPATULIKA AMENE ADAPASUKA

Mau Oyamba

Ana ambiri a sukulu amayesa kuti mbiri ndi nkhani ya maiko akutali, kumene kuli zipupa za miyala ndi mabuku akale. Akaona chithunzi cha bwinja la ku Ulaya amazizwa, koma akamadutsa pa bwinja la makolo awo popita kudambo amangoona tchire basi. Mlandu umenewu ndi wa ife aphunzitsi, pakuti ndife amene sitidawatsekule maso.

Ambiri mwa inu mudzapita kukayesera uphunzitsi m'sukulu za kwa Kabudula, ku Nsaru, ku Mpingu ndi ku Namitete. Ana amene mudzawapeze kumeneko akukhala m'boma limodzi ndi Msinja, malo amene kale adali likulu la chipembedzo cha Achewa, komabe ambiri a iwo dzina limeneli sadalimvepo m'kalasi. M'nkhani ino tiyamba taona bwinja lina lotchuka la ku England, kenaka tifotokoza mbiri ya Msinja, ndipo potsiriza tiona njira zimene mphunzitsi angatsate pophunzitsa mutu umenewu.

Bwinja la Miyala ku England

Pakati pa zaka za 500 ndi 1500, ku Ulaya kudamangidwa nyumba zambiri za amonke. Amonke ndi amuna amene amasiya banja ndi chuma chawo nakakhala pamodzi pa malo opatulika, kutsata lamulo limodzi la kupemphera ndi kugwira ntchito. Ana a ku Nambuma, amene amaona ansembe ndi masisitere pa mishoni, savutika kumvetsa moyo wotere.

Imodzi mwa nyumba zimenezi idali Fountains Abbey, m'chigawo cha Yorkshire. M'chaka cha 1132 amonke 13 adatuluka m'nyumba yawo ya mumzinda wa York chifukwa ankaona kuti anzawo ayamba kulekerera lamulo. Adapatsidwa malo m'chigwa cha mtsinje wa Skell, ndipo zaka zoyamba adasauka kwambiri. Koma patapita zaka ngati 100 nyumba yawo idasanduka imodzi mwa nyumba zolemera koposa za amonke m'dziko lonselo. Chuma chambiri chidachokera ku nkhosa, pakuti ubweya wake ankagulitsa kwa amalonda a ku Flanders ndi ku Italy. Ndi chuma chimenecho adamanga tchalitchi chachikulu cha miyala, zipinda zogona ndi zodyera, malo a odwala, nyumba za alendo ndiponso chigayo choyendera madzi.

Mfumu Henry VIII itakangana ndi Papa, idatseka nyumba zotere zoposa 800 pakati pa 1536 ndi 1540, nilanda chuma chake. Fountains idatsekedwa m'chaka cha 1539, itakhala zaka 407. Amonke adabalalika, mtovu umene udafolera denga udakanganulidwa, ndipo miyala ina adamangira nyumba ya mwini malo watsopano. Denga litachoka, mvula ndi mphepo zidatsiriza ntchito. Komabe zipupa zambiri zidakali chiimire, ndipo m'chaka cha 1986 bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse lapansi.

Nkhani imeneyi ikutipatsa mafunso anayi amene tingafunse pa bwinja lililonse. Malowa adayamba bwanji? Ankakhalapo ndani, ndipo ankatsata malamulo otani? Ankadalira chiyani kuti akhale ndi moyo? Nanga chidawapasula n'chiyani? Tiyeni tsopano tifunse mafunso omwewa pa Msinja.

Chiyambi: Kuchokera ku Kaphirintiwa

Msinja ili kumwera kwa boma la Lilongwe, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama. Koma mwambo umanena kuti kachisi woyamba adali pa Kaphirintiwa, phiri laling'ono la m'mapiri omwewo, kumalire a Malawi ndi Mozambique. Makolo ankaphunzitsa kuti pamenepo ndi pamene Chauta adatsikira pamodzi ndi mvula, mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, thanthwe lidakali lofewa, kotero kuti mapazi awo adadindika pamwala. Onse ankakhala mwamtendere kufikira tsiku limene munthu adapeka moto natentha tchire. Nyama zidathawa nizisanduka adani ake, kupatula zochepa monga galu ndi mbuzi, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Tikuona apa kuti kwa makolo athu malo amenewa adali chiyambi cha dziko lenilenilo.

Mbiri ya pakamwa imanena kuti a mfunda wa Banda ndiwo adayamba kufika m'dziko muno, ndipo atsogoleri awo ambiri adali amayi oitana mvula. A Phiri, otsogozedwa ndi Kalonga, adabwera pambuyo nakhazikitsa ufumu wa Maravi, umene likulu lake lidali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka. Ufumu umenewu Apwitikizi adaulemba m'makalata awo a m'zaka za m'ma 1600; Gaspar Bocarro adadutsa m'dziko la Amaravi m'chaka cha 1616 pa ulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa. Tsono ngati kachisi wa a Banda adayamba ufumu wa a Phiri usadakhazikike, monga mwambo ukunenera, ndiye kuti mizu yake ndi yakuya ndithu.

Patapita nthawi kachisi adasamutsidwa kuchoka ku Kaphirintiwa kupita ku Msinja. Malowa adali m'dera la Undi, mbale wa Kalonga amene adapatuka nakakhazikitsa ufumu wake ku Mano, m'dziko limene lero ndi Mozambique. Motero padali kugawana ntchito: a Phiri adagwira ufumu, nkhondo ndi malonda, pamene a Banda adasunga mvula ndi nthaka. Mfumu inkafuna mvula, kachisi ankafuna chitetezo, ndipo aliyense ankadalira mnzake.

Anthu a pa Kachisi ndi Malamulo Awo

Mwini kachisi adali Chisumphi, limene ndi dzina la Mulungu monga wopatsa mvula. Womuyankhulira adali mayi wotchedwa Makewana, ndiko kunena kuti make wa ana, mayi wa anthu onse. Makewana sankakwatiwa monga akazi ena, pakuti ankayesedwa mkazi wa Chisumphi. Tsitsi lake silinkametedwa, chifukwa anthu ankakhulupirira kuti kulimeta n'kudula mvula. Udindo wake sunali wolowa monga ufumu wa m'mudzi. Makewana akamwalira, anthu ankadikira mpaka patapezeka mkazi wobwebweta mogwidwa ndi mzimu, ndipo akuluakulu a pa kachisi ankayamba amuyesa ndi mafunso asanamulandire.

Makewana sankatumikira yekha. Padali Matsano, akazi opatulidwa amene ankakhala osakwatiwa pa nthawi yonse ya utumiki wawo. Padali Kamundi, wa mfunda wa Mbewe, amene ankaimira njoka yopatulika yotchedwa Thunga, ndipo ndiye ankatsiriza pamodzi ndi Makewana mwambo wa chinamwali. Padalinso Tsang'oma, wosunga ndi kuimba ng'oma yopatulika yotchedwa Mbiriwiri, imene inkaitana anthu ku nsembe. Pafupi padali dziwe lopatulika lotchedwa Malawi, kumene ankati Makewana amapita pokapempha mvula. Zopereka zinkayenera kukhala zakuda, monga nsalu yakuda, mbuzi yakuda kapena nkhuku yakuda, pakuti mtambo wa mvula ndi wakuda.

Apa mphunzitsi aonetse ana kufanana ndi kusiyana kwa malo awiriwa. Ku Fountains ndi ku Msinja komwe kudali gulu la anthu odzipatula, okhala pansi pa malamulo okhwima, aliyense ndi ntchito yake, opempherera dziko lonse. Koma ku Fountains mtsogoleri adali mwamuna wosankhidwa ndi amonke anzake, pamene ku Msinja adali mkazi wodziwika mwa kubwebweta. Amonke ankasunga nzeru zawo m'mabuku. A ku Msinja ankazisunga m'mitima, m'maina a maudindo ndi m'miyambo. Tisawauze ana kuti Msinja idali nyumba ya amonke ayi. Kufanizira kuli ndi malire ake, ndipo mwana ayenera kuwaona malirewo.

Chuma ndi Mphamvu za Msinja

Mphamvu ya Msinja tingaimvetse tikakumbukira mmene chigwa cha Lilongwe chilili. Mvula imagwa nyengo imodzi yokha pa chaka, kuyambira cha mu Novembala kufikira cha mu Epulo. Ikachedwa, kapena ikadula mbewu zili pa msinkhu wofuna madzi, chaka chonse chaonongeka. Masiku amenewo kudalibe msika wa boma wogulako chimanga, ndipo nkhokwe ikatha anthu ankangodalira kusuma ndi zipatso za kutchire. Chifukwa chake munthu amene anthu ankakhulupirira kuti amayankhula ndi mwini mvula adali ndi ulemu woposa wa mafumu ambiri.

Mafumu ndi midzi ankatumiza mphatso ku kachisi, ndipo mwa mphatsozo mudali nsalu ndi minyanga ya njovu. Akuluakulu ankasimba kuti Makewana ankagona pa minyanga yoyalidwa nsalu yakuda. Minyanga ndiyo idali katundu wamkulu wa malonda a kunyanja ya mchere. Pamene katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, adakumba pa Mankhamba, adapeza mikanda ya galasi, mapale a mbale za ku China, zinthu za mkuwa ndi minyanga yosemedwa. Izi zikutsimikiza kuti dziko la Amaravi lidali lolumikizana ndi malonda a kutali. Monga ubweya udalemeretsa Fountains, minyanga idakweza Msinja. Ndipo m'malo onse awiri chuma chomwecho chidakopa maso a anthu a nkhondo ndi a dyera.

Kupasuka kwa Msinja

Ana amakonda yankho lalifupi, lakuti Angoni ndiwo adapasula Msinja. Yankholi ndi loona, koma ndi losakwanira. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chifukwa chimodzi sichigwetsa malo aakulu chotere.

Choyamba, pofika zaka za m'ma 1800 ufumu wa Undi udali utafooka. Apwitikizi ofuna golide ndi Achikunda osaka njovu adalowa m'dziko lake kuchokera ku Zambezi, mafumu aang'ono adayamba kuchita malonda paokha, ndipo malonda a akapolo adadzetsa mfuti ndi kusakhulupirirana. Motero mtetezi wa kachisi adalibenso mphamvu zakale.

Chachiwiri, kudabwera anthu amene sankaopa Chisumphi. Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi m'chaka cha 1835. Patapita zaka zoyendayenda, gulu la Mpezeni lidakhazikika kumadzulo, m'dera la Chipata, pamene Angoni a Maseko, otsogozedwa ndi Chidyaonga, adakhazikika pa Domwe cha m'ma 1870. Chigwa cha Lilongwe chidatsala pakati. Achewa ambiri adamanga malinga kuzungulira midzi yawo, ena adathawira m'mapiri, monga anthu a Mazengera amene adakwera phiri la Nkhoma. Linga lenileni la kachisi lidali ulemu wa anthu, ndipo linga lotere silitchinga mlendo wa chipembedzo china. Cha m'nyengo imeneyi Msinja idathiridwa nkhondo ndi kufunkhidwa, atumiki ake nabalalika.

Chachitatu, nkhondo zitatha dziko lidali litasintha. Boma la Britain lidayamba kulamula m'chaka cha 1891. Lidapha Gomani m'chaka cha 1896 ndi kugonjetsa Mpezeni m'chaka cha 1898. Mishoni zidatsekulidwa, monga Mvera mu 1889 ndi Nkhoma mu 1896, ndipo za Akatolika zidatsatira. Anthu ambiri adayamba kupempherera mvula m'matchalitchi, ndipo mafumu adayamba kuyang'ana kwa bwanamkubwa. Nsembe za mvula sizidatheretu, pakuti zidapitirira pa malo ena monga pa phiri la Bunda, ndipo maina a Makewana, Kamundi ndi Tsang'oma sadafe. Koma ulemerero wa Msinja sudabwererenso pa mlingo wake wakale.

Chifukwa Chake Palibe Zipupa

Mwana wochenjera adzafunsa kuti, “Ngati malowo adali aakulu, zipupa zake zili kuti?” Funso limeneli mulilandire ndi manja awiri. Kachisi ndi nyumba za pa Msinja zidamangidwa ndi mitengo, udzu ndi dothi, monga midzi yonse ya nthawi imeneyo. Zomangira zotere chiswe chimadya, moto umatentha, mvula imakokolola. Kukula kwa malo sitikuyesa ndi kutalika kwa zipupa, koma ndi kuchuluka kwa anthu amene ankawadalira. Awuzeninso ana kuti Aafirika ena adamanga ndi miyala, monga pa Great Zimbabwe ndi pa Kilwa, kuti angayese kuti miyala ndi nzeru ya Azungu okha.

Nanga mbiri ya Msinja tikuidziwa bwanji? Tikuidziwa chifukwa akuluakulu adaisunga, ndipo ena adailemba. Samuel Josia Ntara adafunsa nkhalamba zambiri nalemba buku la Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, limene lidamasuliridwa m'Chingerezi mu 1973. W.H.J. Rangeley, wogwira ntchito m'boma la atsamunda, adasindikiza zimene adamva za akachisi a mvula m'chaka cha 1952. Dziwani kuti Ntara adali mphunzitsi ngati inu nomwe.

Njira Zophunzitsira

1. Yambani ndi zimene ana akudziwa. Lembani mau akuti “bwinja” pa bolodi ndi kufunsa ana kuti munthu amazindikira bwanji pamene padali mudzi. Adzatchula mapale, mphero, phulusa la padzala, zitunda za nyumba zakugwa, mpanda wa nkhadze, mitengo ya mango ndi msitu wa manda. Mayankho amenewa ndiwo umboni, ndipo ana ayamba kale kuchita ntchito ya wofufuza mbiri.

2. Konzani chingwe cha nthawi. Tengani chingwe cha mamita 9, mita imodzi iimire zaka 100, kuyambira chaka cha 1130. Pachikanipo timapepala ta 1132, 1539, 1616, 1835, 1870, 1891 ndi 1964. Ana adzaona okha kuti moyo wa Fountains ukutenga mamita 4, ndi kuti iwo, makolo awo ndi agogo awo onse akukwana pa mita yotsiriza.

3. Fotokozani za kulowa dzina. Ana ambiri amayesa kuti Makewana adali munthu mmodzi amene adakhala zaka mazanamazana. Afunseni kuti amene ali pa mpando wa mfumu ya mudzi wawo ndi wachingati kutchedwa dzina limenelo. Pamenepo adzamvetsa kuti Makewana, Kalonga ndi Undi ndi maina a maudindo. Achenjezeninso kuti powerenga mibadwo asangowerenga maina a mafumu, popeza kwa Achewa ufumu umatha kupita kwa mng'ono wa mfumu usanafike kwa mwana wa mlongo wake, ndiye kuti mafumu awiri kapena atatu akhoza kukhala a mbadwo umodzi.

4. Jambulani mapu pansi, pabwalo la sukulu. Miyala iimire Dzalanyama, Bunda, Domwe ndi Nkhoma. Phulusa lilembe nyanja ndi mtsinje wa Zambezi. Ana ena aime pa Mankhamba, ena pa Mano, ena pa Msinja. Mwana amene waima pa Msinja, ataona anzake a pa Domwe ndi a ku Chipata mbali ndi mbali, sadzaiwala chifukwa chake malowo adali pangozi.

5. Tumani ana kwa agogo awo ndi mafunso atatu okha: Kale mvula ikakana anthu a kuno ankatani? Ankapita kuti? Mudzi wathu udachokera kuti? Tsiku lotsatira yerekezani mayankho. Akasiyana musafulumire kuweruza; funsani ana chimene chingachititse anthu awiri kusimba nkhani imodzi mosiyana. Mau a akuluakulu akoma akagonera, komabe wofufuza mbiri amamva mbali zingapo asanatsimikize kanthu.

6. Tsirizani ndi ntchito yolemba. Ana agawe tsamba la kope pakati, mbali ina Fountains, mbali ina Msinja, ndipo ayankhe mafunso anayi aja pa malo onse awiri.

Zoyenera Kusamala

Mutu uno umakhudza chikhulupiriro, choncho ufunika kudekha. M'kalasi imodzi ya ku Nsaru kapena kwa Kabudula mudzakhala ana a Akatolika, a CCAP, a mipingo ina, a Chisilamu, ndiponso ana a mabanja a Gule Wamkulu. Ntchito yanu si kulalikira kapena kunyoza. Nenani kuti, “Makolo ankakhulupirira kuti,” ndipo fotokozani mwaulemu. Mau onyoza chipembedzo cha makolo asatuluke pakamwa panu, pakuti mwana amene wamva agogo ake akunyozedwa m'kalasi amatseka makutu, ndipo nthawi zina kholo lake limamuletsa sukulu. Momwemonso musaumirize mwana aliyense kuchita sewero la nsembe. Ngati mufuna sewero, sankhani zochitika zina, monga amithenga a mfumu akukonzekera ulendo wa ku Msinja, kapena mudzi ukukambirana zomanga linga. Za chinamwali ndi za kudambwe musazifunse kwa ana. Zili ndi eni ake.

Samalaninso ndi ana a Chingoni. Phunziro lisasanduke bwalo la milandu ya mitundu. Akumbutseni ana kuti nyengo imeneyo idali ya chipwirikiti m'chigawo chonse, kuti pa malonda a akapolo padali anthu a mitundu yambiri kuphatikizapo mafumu ena a Achewa, ndiponso kuti Angoni ndi Achewa adakwatirana kotero kuti ambiri a ife tili ndi magazi a mbali zonse ziwiri.

Mukafuna kupita ndi ana pa bwinja la pafupi ndi sukulu, yambani mwauza mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu, kenaka mukapemphe chilolezo kwa mfumu ya mudzi. Safunsa adadya phula. Ku manda ndi ku malo a nsembe musalowe. Ana asakumbe, ndipo asatole mapale kapena mikanda. Ajambule m'makope mwawo zimene aona ndi kuzisiya pomwepo, chifukwa chinthu chakale chikachotsedwa pamalo pake chimataya theka la umboni wake. Mukapeza chinthu chachilendo, dziwitsani mfumu ndi a dipatimenti ya boma yoyang'anira zinthu zakale.

Mau Otsiriza

Bwinja la Fountains limadzisimbira lokha, pakuti mlendo amaona zipupa nafunsa. Bwinja la Msinja lilibe zipupa zomuimitsa munthu panjira, ndipo mbiri yake ikhala ndi moyo pokhapokha wina akaisimba. Nkhalamba zimene zidamva nkhanizi kwa anthu amene adaona nthawi ya malinga zidapita kale, ndipo amene adamva kwa izo akucheperachepera chaka ndi chaka. Choncho pamene mukupita kukayesera uphunzitsi, tengani kope lapadera. Lembanimo zimene ana abweretsa kuchokera kwa agogo awo, dzina la mudzi ndi tsiku limene mwazimva, ndipo pobwera ku koleji mudzatisonyeze kuti tidzaziyerekeze pamodzi.